Mmene mungapezere chigamulo cha khoti chosunga mwana ku Mzuzu ngati simunakwatirane ndipo kholo linalo linasowa

Anthu ambiri amene akulera okha ana muno mu Mzuzu alibe pepala lililonse lonena kuti mwanayo azikhala ndi iwo. Bambo anapita ku Joni mimba ikadali yaing'ono, foni inasiya kupezeka. Kapena mayi anasiya mwana kwa agogo ku Chiputula n'kukalowa banja lina ku Lilongwe. Zaka zimadutsa popanda wobwera kudzafunsa. Zinthu zimavuta tsiku limene azakhali a mwana atulukira kuchokera ku Mzimba n'kunena kuti "mwanayu ndi magazi athu, tabwera kudzamutenga", kapena tsiku limene mukufuna pasipoti ya mwana ndipo a Immigration akufunsa chilolezo cha kholo limene simunalione zaka zisanu. Munthu amathamangira kupolisi akulira, apolisi n'kumuuza kuti nkhani ya amene azisunga mwana imagamulidwa kukhoti.

Kulera mwana nokha, ngakhale mutamulera bwino chotani, sikukupatsani pepala limeneli. Muyenera kukalipempha, ndipo nthawi yabwino yopitira ndi ino pamene palibe amene akulimbana nanu.

Zofunika kusonkhanitsa musanayambe

- Chiphaso chanu cha unzika ndi mafotokope ake awiri.
- Kalata ya kubadwa ya mwana yochokera ku National Registration Bureau, imene ambiri amangoti NRB.
- Buku la kuchipatala la mwana, lija la kusikelo. Ngati ndinu mayi ndipo buku lanu la kusikelo ya amayi oyembekezera likadalipo, tengani nalonso.
- Malisiti a fizi, a yunifolomu ndi a mankhwala, masukulu lipoti, ndi kalata ya ahedi yotsimikiza kuti mwana amaphunzira pasukulu yawo ndipo amene amabwera kudzaona za iye ndi inu.
- Kope limodzi lachikuto cholimba, losalembedwamo china chilichonse.
- Mauthenga a pafoni: a WhatsApp, a Facebook, ndi aja osonyeza ndalama zolowa pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena Mukuru. Asindikizeni papepala, foni imatayika.
- Zonse zimene mukudziwa za kholo linalo: dzina lonse, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwawo, kumene linkagwira ntchito, manambala ake akale, ndi kumene kukukhala abale ake.
- Mboni ziwiri zimene zaona ndi maso mmene mwanayo wakulira.
- Ndalama ya mayendedwe, ya mafotokope, ndi yolipira posuma.
- Fayilo ya pulasitiki yotseka bwino. Mvula ya kuno mukuidziwa, ndipo lisiti likanyowa silionekanso.

1. Dziwani chimene mukupita kukapempha

Lamulo limene likugwira ntchito pankhaniyi ndi Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo bwalo lake ndi khoti la ana, Child Justice Court, limene ku Mzuzu lilipo. Kumeneko mungapemphe zinthu zinayi zosiyana. Choyamba ndi kutsimikiza kholo, ngati bambo anakana mimba. Chachiwiri ndi kusunga mwana, kutanthauza kuti khoti ligamule kuti mwana azikhala ndi inu ndipo za tsiku ndi tsiku muziona ndinu. Chachitatu ndi masiku amene kholo linalo lingamaone mwana. Chachinayi ndi chithandizo cha mwana: ndalama ya chakudya, zovala, sukulu ndi chipatala.

Chenjezo: ambiri amafika kwa kalaliki n'kungoti "ndabwera kudzasumira bambo wa mwana sakuthandiza". Kalaliki amalemba za chithandizo basi, mlandu n'kutha osakhudza za amene azisunga mwana. Nenani momveka kuti mukupempha zonse ziwiri, kusunga mwana ndi chithandizo. Gawo 8 la lamuloli ndi lokhudza kusunga ndi kuona mwana, gawo 9 ndi la chithandizo.

Musaope kuti simunakwatirane. Gawo 23 la Malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo ayenera kulandira chithandizo kuchokera kwa makolo awo, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane kapena banja linatha. Kuyambira mu 2017, mwana ndi aliyense amene sanakwane zaka 18.

2. Konzani kalata ya kubadwa

Ngati mwana anabadwira ku Mzuzu Central Hospital, ku Mapale kapena ku St John's m'zaka zaposachedwa, n'kutheka kuti fomu ya kalembera inadzazidwa kuchipatala komweko ndipo chatsala ndi kukatenga kalatayo. Ngati sanalembedwe, pitani kuofesi ya NRB ndi buku la kusikelo ndi chiphaso chanu. Kuchedwa sikukuletsani kulembetsa.

Samalani pa dzina la bambo. Makolo akakhala osakwatirana, dzina la bambo limalowa m'kaundula bamboyo akavomereza yekha pamodzi ndi mayi, kapena khoti likatsimikiza kuti ndiye bambo. Musasainire munthu amene palibe, ndipo musalembe agogo kapena mwamuna wanu watsopano pamalo a bambo pofuna kuti mwana asaoneke wopanda bambo. Bodza lolembedwa papepala la boma lidzakutsatani kukhoti, ndipo lingadzamusokoneze mwana pa chuma cha masiye, pakuti lamulo la 2011 la chuma cha masiye limapatsa gawo ana obadwa kunja kwa banja mofanana ndi anzawo. Ndi bwino malowo akhale osalemba mpaka nkhani itakonzedwa.

3. Lembani mbiri ya mwana m'kope

Khalani pansi madzulo awiri kapena atatu, mulembe motsatira zaka. Mwana anabadwa liti ndipo kuti. Kholo linalo linachoka liti, linati likupita kuti. Linamuona mwana komaliza liti. Linatumiza ndalama kangati, zingati. Mwana anadwala liti, anamugoneka m'chipatala ndani, analipira ndani. Kenaka lembani zimene mwana amadya ndi kugwiritsa ntchito pamwezi: ufa, ndiwo, sopo, makala, gawo lake la lendi, fizi, kabaza wopita kusukulu, juzi ndi bulangete za nyengo yozizira ya June ndi July.

Lembani zoona zokhazokha. Ngati bambo anatumizapo ndalama kawiri pa Mukuru, lembani kawiri. Munthu amene wanena kuti "sanandipatsepo ngakhale tambala", mnzake n'kutulutsa lisiti limodzi, mawu ake onse otsala amayamba kukayikitsa, ngakhale amene anali oona.

Kuyambira lero, chilichonse chimene chachitika chizilowa m'kopemo tsiku lomwelo, ndi deti lake.

4. Funafunani kholo linalo, ndipo musunge umboni woti munalifuna

Apa ndi pamene milandu yambiri imaima. Khoti silifuna kugamula nkhani ya mwana wa munthu, mwiniwake asakudziwa. Kunena kuti "anasowa" sikukwanira. Majisitireti adzafuna kumva zimene munachita pomufuna.

Imbani manambala onse akale ndipo mulembe tsiku limene munaimba. Tumizani uthenga waulemu pa WhatsApp kapena Facebook, wonga uwu: "Ndikufuna tikambirane za kumene mwana azikhala ndi chithandizo chake. Ndipita kukhoti la ana ku Mzuzu. Ndiuzeni kumene muli kuti mapepala akupezeni." Jambulani uthengawo posonyeza tsiku. Pitani kwa makolo ake kapena achimwene ake muli ndi munthu wina woti adzakhale mboni. Ngati kwawo ndi kutali, ku Euthini, ku Chitipa kapena ku Nkhata Bay, pemphani kalata kwa nyakwawa ya kwawo yonena kuti munthuyo kulibe ndipo anachoka liti. Kalata ya block leader wa kumene mukukhala, kaya ndi ku Zolozolo, ku Mchengautuba kapena ku Luwinga, yotsimikiza kuti mwana wakhala ndi inu nthawi yonseyi, imathandizanso.

Chenjezo: musamulengeze pa Facebook ndi chithunzi chake ndi mawu achipongwe. Zimenezo zimasindikizidwa n'kubwera nazo kukhoti, ndipo mwana adzaziwerenga akadzakula.

Ngati munthuyo ankakumenyani kapena kukuopsezani, gawo limeneli musalichite nokha. Pitani kaye ku Victim Support Unit kupolisi kapena kuofesi ya Social Welfare. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limatetezanso anthu amene anaberekerana mwana osakwatirana, ndipo khoti lingapereke lamulo loti asakuyandikireni.

5. Kambiranani ndi abale, koma dziwani pamene mwambo ukulekezera

Gawo ili ndi lovuta kuposa onse kwa ife okhala kumpoto kuno, ndipo ndikufuna tiimepo.

M'mabanja ambiri a Atumbuka ndi Angoni, ana amawerengedwa kuchimuna malowolo akaperekedwa. Ngati sanaperekedwe, akuchikazi amati mwana ndi wawo mpaka akuchimuna atabwera kudzakonza. Mzuzu ndi tauni yosakanikirana: mayi angakhale Mchewa wa ku Dedza kapena Mlomwe wa ku Mulanje, kumene mwana ndi wa mbumba ya mayi ndipo amalume ndi amene ali ndi mawu, pamene bambo ndi wa ku Mzimba. Mbali iliyonse imabwera ndi mwambo wake, ndipo iliyonse imakhulupirira ndi mtima wonse kuti ikulondola.

Khoti la ana silifunsa kuti ng'ombe zinaperekedwa kapena ayi. Lamulo limaliuza kuti liyang'ane ubwino wa mwana, kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi wake, maganizo a mwanayo, ndi kufunika koti ana apachibale asalekanitsidwe. Ndalama imene akuchimuna analipira chifukwa cha mimba siwapatsa mphamvu yotenga mwana. Kusalipira kwawo nakonso sikuchotsa ubambo wa bamboyo, ngakhale udindo wake wothandiza. Pali mawu amene amamveka kawirikawiri akuti mwana akakwana zaka 7 bambo ali ndi ufulu womutenga. Lamuloli silitchula msinkhu wotere. Amayi ambiri apereka ana awo ndi manja awo chifukwa chokhulupirira mawu amenewa.

Komabe sindikukulangizani kuti mudumphe abale. Mwana ameneyu adzafuna kudziwa kwawo kwa bambo wake, adzapita kumaliro kumeneko, mwina adzafunako malo olima. Agogo akuchimuna amene mwawalemekeza angasanduke mboni yanu yamphamvu, chifukwa iwonso nthawi zambiri amakhala akumva ululu wa mwana wawo amene anasowa ku Joni. Itanani mkumano, mbali iliyonse ibwere ndi wamkulu wake. Ngati mukuona kuti mukangana, pemphani a Social Welfare aitane mbali zonse kuofesi kwawo. Ntchito imeneyi amaichita masiku onse.

Mukagwirizana, lembani. Papepalapo pakhale kumene mwana azikhala, masiku amene angapite kwa agogo ndi tsiku lobwerera, ndalama ya pamwezi ndi njira yotumizira. Onse asaine, mboni zisainenso. Ndiye mutenge pepalalo kukhoti kuti likasanduke chigamulo. Mgwirizano wa pakhonde, ngakhale wosainidwa, umaiwalika msanga akuluakulu amene analipo akamwalira kapena akasintha maganizo.

Chenjezo lalikulu: mkumano usanathe ndiponso musanalembe kanthu, musalole mawu akuti "tingomubwereka pa holide akaone kumudzi". Ana ambiri amapita choncho osabweranso. Akakhala kumeneko miyezi ingapo n'kulembedwa sukulu, akuchimuna amadzanena kukhoti kuti mwana anazolowera ndipo kumusuntha ndi kumusokoneza.

6. Kasumeni

Muli ndi njira ziwiri. Mungapite nokha kukhoti la ana n'kuuza kalaliki chimene mwadzera. Kukhoti limeneli munthu amatha kudziyankhulira yekha popanda loya. Kapena mungayambire ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu ndipo inakhazikitsidwa kuti izithandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Adzakufunsani za kapezedwe kanu asanakutengeni. Ngati kholo linalo lili kunja kwa dziko, ngati bambo akukana mwana, kapena ngati akuchimuna apeza kale loya, ndikulimbikitsani kuti muyambire ku Legal Aid.

Pitani m'mawa, fayilo ili m'manja. Perekani mafotokope, mapepala enieni azikhala ndi inu. Ndalama iliyonse imene mwalipira, landirani lisiti la boma. Lembani m'kope nambala ya mlandu ndi tsiku limene mwapatsidwa, chifukwa popanda nambala imeneyi kufunsa za mlandu wanu kumavuta.

Ngati munakhala limodzi ngati banja zaka 5 kapena kuposerapo, muuzeni loya. Lamulo la mabanja la 2015 limalola khoti kuzindikira kukhalira limodzi kotere ngati ukwati, ndipo zimenezi zingakhudze katundu amene munapeza limodzi.

Bambo akakana kuti mwana si wake, khoti limayang'ana ngati dzina lake lili m'kaundula wa kubadwa, ngati anachitapo mwambo uliwonse wovomereza mwanayo, ndi ngati anavomerapo poyera. Apa mauthenga akale aja akuti "mwana wanga ali bwanji" amagwira ntchito. Khoti lingalamulenso kuyezetsa kuchipatala, ndipo munthu akakana kuyezedwa, kukanako kumawerengedwa ngati umboni.

7. Onetsetsani kuti samani yafika

Khoti limatulutsa samani yoitana kholo linalo. Funsani kalaliki kuti aipereka ndani, ndipo umboni woti yaperekedwa ubwerera bwanji mufayilo. Musangoganiza kuti zachitika. Patsala mlungu kuti tsiku lifike, pitani mukafunse.

Ngati munthuyo sakudziwika kumene ali, apa ndi pamene ntchito yofunafuna kholo linalo ya pa nambala 4 pamwambapa imakupindulirani. Sonyezani khoti makalata a mafumu, mauthenga ndi masiku amene munaimba foni, ndipo mupemphe kuti lilole njira ina yomudziwitsira, monga kudzera mwa wachibale kapena kulengeza m'nyuzipepala. Njirayo imasankhidwa ndi khoti, musasankhe nokha. Khoti likakhutira kuti munthu anadziwitsidwa moyenera koma sanabwere, lingamve nkhani yanu iye palibe.

Musabise kumene ali mukukudziwa n'cholinga choti mlandu uyende mwachangu. Akadzabwera n'kusonyeza kuti munkayankhulana pafoni nthawi yonseyo, angapemphe kuti chigamulo chichotsedwe, ndipo mudzayambiranso majisitireti atasiya kukukhulupirirani.

8. A Social Welfare akabwera kunyumba

Khoti lingatume wa Social Welfare kuti adzaone kumene mwana akukhala ndi kulemba lipoti. Adzaona pogona, adzafunsa za chakudya ndi sukulu, adzacheza ndi mwanayo, mwinanso ndi anansi. Musabwereke mipando kapena TV kwa aneba. Chipinda chimodzi cha lendi ku Masasa, chosesedwa, mwana ali ndi pogona pake ndi neti, akupita kusukulu ndipo katemera wake ndi wokwana, chimanena zambiri. Kusowa ndalama kuli ndi mankhwala ake m'lamulo, amene ndi chithandizo chochokera kwa kholo linalo.

Musamuphunzitse mwana zonena. Anthu amenewa acheza ndi ana ambiri, ndipo mwana woloweza mawu amamuzindikira msanga.

9. Tsiku la mlandu

Fikani nthawi isanakwane, mboni zanu muli nazo. Milandu ya kukhoti la ana simvedwa pagulu ngati milandu ina, choncho musachite manyazi kunena zonse. Yankhulani chiyankhulo chimene mumamasuka nacho, Chichewa, Chitumbuka kapena Chitonga, womasulira amakhalapo.

Nkhani yanu ikhale ya mwana. Mtima umafuna kufotokoza mmene munthuyo anakunamizirani, akazi kapena amuna amene anayenda nawo, ndi misozi imene munalira. Zonsezo n'zoona ndipo zinapweteka, koma majisitireti akufuna kumva kuti mwana amagona kuti, amadya chiyani, amaphunzira kuti, amamusamala ndani akadwala, ndi chimene chingamuchitikire akasunthidwa. Khalidwe la kholo linalo litchuleni pamene likukhudza mwana, monga kuledzera, nkhanza, kapena kumusiya yekha.

Pa chithandizo, werengani ndalama za m'kope muja. Khoti limayang'ana kapezedwe ka makolo onse awiri, ana ena amene kholo linalo likulera, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala. Inunso muli ndi gawo lanu, musayembekezere kuti zonse zigwera mbali imodzi. Ngati munthuyo ali pantchito yolipidwa pamwezi muno m'Malawi, pemphani kuti ndalama izidulidwa kumalipiro ake. Ngati ali ku South Africa kapena ku Tanzania, kumukakamiza kulipira kumavuta, ndipo ndi bwino mudziwiretu zimenezi. Koma uzani khoti za katundu amene ali naye kuno, monga nyumba ya lendi kapena galimoto imene ikuyenda, chifukwa lamulo limalola kuti chithandizo chitengedwe pa katundu wa munthu. Ngakhale ndalama zitavuta, chigamulo cha kusunga mwana chokha n'chokwanira kuti ulendo wanu ukhale waphindu.

Mlandu ukaimitsidwa n'kupatsidwa tsiku lina, bweraninso. Osuma akajomba, mlandu ungathe kuchotsedwa.

10. Tengani chigamulo cholembedwa, muchiwerenge musanachoke

Mawu amene majisitireti wanena pakamwa sangakuthandizeni pageti ya sukulu kapena paboda. Pemphani chigamulo cholembedwa, chosainidwa ndi chodindidwa. Onani ngati dzina la mwana ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi za pakalata ya kubadwa. Onani ngati chikunena momveka kuti mwana azikhala ndi inu. Masiku oona mwana akhale otchulidwa, malo otengera ndi obwezera mwana atchulidwenso. Mawu akuti "azimuona nthawi iliyonse yoyenera" amabala mikangano. Ndalama ikhale ndi chiwerengero, tsiku la pamwezi ndi njira yolipirira.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaiwala kupempha mlandu ukadali mkati. China ndi chakuti mwana asatulutsidwe m'dziko popanda chilolezo chanu kapena cha khoti. China ndi chakuti inu muloledwe kumutengera pasipoti ndi kuyenda naye ngakhale kholo linalo silikupezeka kuti lisaine. Zipempheni tsiku lomwelo, kuti musadzabwererenso kukhoti pa nkhani yomweyi.

Chitani mafotokope angapo. Imodzi ipite kwa ahedi, muwauze mayina a anthu amene angamutenge mwana pasukulu. Ina isungidwe kwa mbale wanu wodalirika. Jambulaninso pafoni.

Ngati simunakhutire ndi chigamulo, mungachite apilo ku High Court, imene ku Mzuzu ilipo. Nthawi ya apilo ndi yochepa, funsani tsiku lomwelo.

11. Kholo losowa likabwerera, kapena mwana akatengedwa

Kusowa sikuchotsa ukholo. Munthu amene anachoka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo angabwere n'kupempha khoti kuti aziona mwana, ngakhalenso kuti chigamulo chisinthidwe, ndipo khoti lidzamumvera. Zimawawa kwa amene munavutika nokha, koma Malamulo aakulu amati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake. Chimene mungapemphe n'chakuti kuonanako kuyambe pang'onopang'ono: maola ochepa masana, pali munthu amene mwana amamudziwa, kugona kudzabwere pambuyo. Kwa mwanayo munthu ameneyu ndi mlendo, ngakhale akufanana nkhope.

Mwana akatengedwa popanda chilolezo chanu, musadikire kuti mwina abwera naye Lamlungu. Pitani tsiku lomwelo kupolisi, ku Victim Support Unit, chigamulo chili m'manja, kenaka kukhoti limene linachipereka. Mungaimbenso 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lamulo lija la 2010 limati kutenga, kusunga kapena kubisa mwana mosaloledwa, popanda chilolezo cha amene akumusunga mwalamulo, ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Ngati mukuopa kuti awoloka naye pa Songwe kapena paboda ina, nenani zimenezo poyambirira penipeni.

Ngati amene mukulera mwana ndinu bambo, agogo kapena azakhali

Njira ndi yomweyi. Lamulo limalola kholo, wachibale, kapena munthu wina woyenera kupempha kusunga mwana. Bambo amene mayi anakusiyirani mwana, musaganize kuti khoti ndi la amayi okha. Ndipo mayi amene anachoka nayenso angalamulidwe kupereka chithandizo. Agogo amene mwalera mdzukulu kuyambira ali wakhanda, pepala limeneli mukulifuna kuposa wina aliyense, chifukwa tsiku limene kholo lililonse lidzafike kudzamutenga, mulibe choliletsera.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kukaniza mwana chifukwa ndalama sinabwere. Chithandizo ndi kuona mwana ndi nkhani ziwiri. Munthu akapanda kulipira, bwererani kukhoti ndi kope lanu losonyeza miyezi imene wajomba. Mukatseka chitseko pa tsiku limene khoti linalamula, wophwanya chigamulo mumakhala inu.

Kulandira ndalama pamanja popanda cholemba. Ikani njira imodzi, Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, kuti zonse zizioneka.

Kusintha dzina la mwana mwakachetechete mukalowa banja lina. Mayina akasiyana pakalata ya kubadwa, pachigamulo ndi pamapepala a mayeso a MANEB, amene adzavutike ndi mwanayo.

Kusiya mwana kumudzi chaka chonse inu muli ku Joni kapena ku Lilongwe osauza khoti. Chigamulo chinaperekedwa poona kuti mwana akukhala ndi inu. Mukafuna kuchoka kwa nthawi yaitali, bwererani mukapemphe kuti amene mukumusiyira mwana alembedwe, apo ayi ndinu amene mudzatchedwe kholo losowa.

Kupereka ndalama kwa munthu wa panja pa khoti amene akuti amadziwana ndi akuluakulu ndipo afulumizitsa mlandu. Za mlandu wanu funsani kwa kalaliki kapena kwa loya wanu, nambala ya mlandu ili m'manja.

Kumuuza mwana kuti bambo ake anamwalira pamene ali moyo, kapena kumunyoza mayi ake pamaso pake. Mwana akadzafunsidwa maganizo ake, zonsezi zimatuluka.

Kusiya ndalama ya chithandizo ili pomwepo zaka zambiri. Mtengo wa ufa ndi fizi ukakwera, kapena mwana akasankhidwa kupita kusekondale, muli ndi ufulu wobwerera kukhoti lomwelo kukapempha kuti ndalamayo iwonjezedwe. Tengani malisiti atsopano ndi chigamulo chakale chija.